Amene Anakhala Kumutu Kwanga

Pachifuwa pangapa pali zipsera ziwiri, china kumanja china kumanzere, pansi pa mapewa pomwepa. Mukagwira chakumanjachi mumva kanthu kolimba pansi pa khungu, ngati chivindikiro cha botolo la mafuta odzola. Kameneko ndi kamakina kamene kamayendetsa mtima wanga, poti wokha umachita ulesi. Chakumanzere mulibe kanthu, ndi kadzenje kongopola. Koma anthu akandifunsa za ku Joni, ine dzanja limathamangira pachipsera chopanda kanthucho.

Ndinachoka kwathu kwa Mposa chaka china nyanja ya Chilwa itathawa. Munthu unkayenda pansi pamene kale pankadutsa mabwato, dothi litang'ambika ngati zidendene za mlimi. Matemba kunalibe, mpunga unapsa usanabereke, ndipo amuna anga anali atamwalira kale. Ana ndinawasiya kwa achemwali anga aakulu. Achimwene anga a Twaibu, amene amatsogolera swala pamzikiti wa m'mudzi mwathu, anakana ndithu.

"Mkazi yekha ku Joni? Mukakadwala akakusamalani ndani? Mukakafa akakuvekani sanda ndani?"

Ine ndinati, "Achimwene, tikafa ndi njala konkuno, sandayo mugula ndi chiyani?"

Tsiku lonyamuka sanandiperekeze.

Pa Liwonde ndinakwera galimoto ya anyamata aja otengera anthu ku Joni, yokoka ngolo kumbuyo. Titawoloka Shire ndinalira pang'ono, nkhope nditabisa mumpango. Pa Balaka panakwera mayi wina wamfupi, wa mawu ngati wailesi, korona ili m'khosi. Anadzikankhira pambali panga ngati tinagwirizana. Tisanafike n'komwe ku Mwanza anamasula kambale ka nkhuku yokazinga n'kunditambasulira.

Ine njala inalipo, koma ndinafunsa. "Anazinga ndani?"

"Hii, ndinadziwa! Anazinga a Yusufu a pamsika, mayi. Ndinati njira imeneyi ndi ya Ayao, ndikazinga ndekha ndikadya ndekha ngati mfiti. Tengani ntchafu."

Amenewo ndiwo a Rozina, a ku Utale, Mkatolika wa kwaya. Kuyambira pantchafu imeneyo sitinasiyanenso. Iwo ankanditcha amake Asiyatu, akafuna kundiputa ankati a Hajati, chikhalirecho ku Maka sindinapondeko. Ine ndinkawabwezera kuti a Sisiteri.

Tinakatsikira ku Debeni, mzinda wina wa ku Joni komweko. Tinapeza kachipinda kamodzi kuseri kwa shopu ya matayala, bedi limodzi, kambaula ka parafini, chimbudzi cha anthu a mpanda wonse. Ngodya ina inali ya mkeka wanga wa swala, ngodya ina ya kachithunzi kawo ka Maria. Ine ndikamaswali iwo ankatsitsa wailesi. Iwo akagwira korona ine ndinkasiya kukwecha mapoto. A Rozina anapeza ntchito yosoka mufakitale ya zovala, ndipo Chingerezi ndi Chizulu anazitola msanga ngati nkhuku patsabola wouma. Ine ndinalowa m'nyumba ya Amwenye, kuchapa, kusita, ndi kusamalira agogo a m'nyumbamo amene anafa mbali imodzi. Lilime langa linakana zilankhulo za eni dziko. Ndinkangodziwa mawu a ntchito, ena onse ndinkayankha ndi mutu.

Zowawa zinalipo. Mapepala athu atatha tinkayenda maso ali kumbuyo. Masiku ena alendo tinkasakidwa m'misewu, ndipo adona a kuntchito kwanga anatibisa tonse awiri m'chipinda chosungira katundu mpaka kunja kutazizira. Koma kumudzi kunkapita mabulangete, njinga, malata, ndipo ana sanasiye sukulu. Mwana wanga woyamba Asiyatu anakwatiwa ine ndili komweko. Ukwati wake ndinaumvera pafoni, nthungululu zikuduka-duka. A Rozina anagula mpunga ndi nyama, tinavina awiriwiri m'kachipinda kaja mpaka mwini shopu anagogoda khoma.

Tsono mtimawu. Ndinayamba kumva chizungulire ndikamakwera masitepe. Tsiku lina ndikuyanika mashiti ndinangoona chingwe chikupendekeka, basi, ndinadzidzimuka ndili m'chipatala adona atandigwira dzanja. Madokotala anati mtima wanga ukugunda mochedwa kwambiri, nthawi zina kuima ngati munthu waiwala chimene amakatenga. Anandiika kamakina kumanzereku, kokhala ndi timawaya tiwiri todutsa mumtsempha mpaka mumtima mwenimwenimo. Poika sanandigoneke, iyayi. Anangobaya mankhwala a dzanzi paphewa. Ndinkamva akukankha-kankha, maso ali gwa, pakamwa ndikutchula Mulungu wanga mpaka anasoka. Ndinabwerera kuntchito ndili munthu watsopano, masitepe ndikukwera ndi beseni pamutu.

Zaka zinapita zambiri, zidzukulu zikubadwa kumudzi. Ndiye pamalo pa kamakina paja panayamba kufiira. Kenako kutentha. Ndinkathowa ndi kansalu ka madzi otentha, ndimvekere ndi chithupsa. Mpaka m'mawa wina a Rozina anandiona ndikuvala.

"Tachotsani dzanjalo. Mayo ine! Chitsulo chikuonekera panja inu, mafinya ali chuchuchu, mwangokhala chete? Valani, tiyeni."

Anandigoneka m'wodi ya amayi, dilipi pamkono, thupi likutentha ngati chiwaya. Dokotala wa mtima, bambo wamtali wa imvi m'mbali, analankhula a Rozina akumasulira. Anati tizilombo talowa, ndipo tatsata timawaya tija kulowera kumtima. Mankhwala okha sangathe. Zonse ziyenera kutuluka, kamakina ndi timawaya tomwe. Koma timawayato takhalitsa, mnofu watikumbatira monga mizu ya kachere igwirira khoma. Pozula amalowetsa kapaipi n'kumasenda pang'onopang'ono, ndipo munthu akagwedezeka mtsempha ukhoza kung'ambika. Choncho ayenera kundigoneka. Sanabise, anati nthawi zambiri zimayenda bwino, koma alipo ena ochepa amene sadzuka. Ndipo zikasiyidwa momwemo, imfa ndi yosakayikitsa.

Ine ndinamva chimodzi chokha, chakuti andigoneka. Ndinati iyayi.

Muyenera kumvetsa chifukwa chake, musati ndinali wamantha chabe. Kwathu munthu akamatsirizika sitimusiya yekha. Wina amakhala kumutu, kumunyowetsa milomo ndi madzi, n'kumamunong'oneza kalima, mawu aja ochitira umboni kuti palibe wopembedzedwa koma Mulungu mmodzi. Sumukakamiza. Umangonena pang'onopang'ono, iye akatsatira, iwe umakhala chete. Akalankhulanso zina, kaya wafunsa ngati nkhuku zalowa, umamukumbutsanso, kuti mawu omaliza kutuluka pakamwa pake akhale amenewo. Amayi anga ndinawakumbutsa ndine, ndili mtsikana wa mwana mmodzi, ndipo anapita mawuwo ali pamilomo. Koma amuna anga anafera panyanja, bwato litagubuduzika ndi mphepo. Palibe anamva mawu awo omaliza. Kodi anaitana Mulungu, kapena anatukwana ukonde? Funso limenelo ndinapita nalo ku Joni, ndinkagona nalo, kudzuka nalo. Ndiye ine ndikafe nditagonekedwa ngati thumba la chimanga, pakati pa anthu osadziwa n'komwe kuti munthu amakumbutsidwa?

Ndinauza a Rozina kuti alongedze katundu wanga.

"Mupita kuti?"

"Kwathu."

"Kwanu kuli dokotala wa mawaya? A Twaibu akazula ndi pulayazi?"

"Ndikafera pamkeka wanga, maso ali otsegula, Asiyatu ali kumutu."

"Pa Tete simufika inu. Mufera m'ngolo, pakati pa mafiriji a anthu, kumutu kwanu kuli gudumu la njinga. Akakukumbutsani ndani, dalaivala?"

"A Rozina, za chipembedzo changa musalowerere."

"Ndilowerera! Amene akanyamule bokosi lanu ndani? Amene akaime pamaso pa Asiyatu ndani? Mwandidyetsa zakudya zopanda kapado, nkhumba osailawa, zaka zonsezi kuti mundithawe chonchi?"

Anatuluka akulira, chitseko cha wodi chili mbwee. Ine ndinatembenukira kukhoma. Mawu a ngolo aja anandilasa, poti anali oona. Koma mtima sunasunthe.

Ndipo tsiku lomwelo ndinaona china chimene chinandilimbitsa kukana. Pabedi loyandikana ndi langa panali gogo wina wa Chizulu, munthu waulemu wake, Baibulo pansi pa pilo, polankhula ngati akupepesa. Anamutenga kupita ku fiyeta, kuja amachitira opaleshoni. Pobwera naye, mankhwala asanamuthere, gogo uja anali wina. Kukuwa, kuseka, kutukwana! Ine Chizulu sindimva, koma kutukwana kumamveka m'chilankhulo chilichonse, ndipo ana ake ankangoyang'ana pansi. Ndinati ehe, mankhwala ake ndi amenewa. Amatsegula pakamwa mwini wake kulibe.

Mawa lake masana kunabwera dokotala wina. Mayi wa Chizulu, wojintcha, kachipewa kobiriwira kumutu, nsapato za mphira. Dzina anatchula, koma linali ndi kaphokoso kaja ka lilime, ine silinakhale m'mutu. Sanaime ngati mmene amaimira madokotala. Anakoka mpando, anakhala, anavula nsapato imodzi n'kumasisita phazi. A Rozina anali atabwera, nkhope ili ndwii, koma anamasulira.

"Akuti iwo ndi amene amagoneka anthu. Akuti amva kuti mwakana. Sanabwere kudzakukakamizani, akufuna angodziwa chimene mukuopa. Ululu?"

"Iyayi."

"Imfa?"

"Imfa ndi ya aliyense. Auzeni kuti ndikuopa kufa pakamwa pali chabe."

A Rozina anafotokoza nthawi yaitali, manja akuthandiza. Ndinamva akutchula amayi anga, ndinamva akutchula nyanja. Dokotala uja anasiya kusisita phazi. Atamva zonse, analankhula pang'onopang'ono kuti a Rozina asatsalire.

Anati tulo take tili mitundu iwiri. Tina ndi tolemera, amalowetsa paipi kukhosi, makina n'kumapuma m'malo mwa munthu. Tina ndi tozama ndithu, munthu samva ululu, sakumbuka kanthu, koma amapuma yekha. Mankhwala amayenda mudilipi pang'onopang'ono, iye n'kumawonjezera kapena kuchepetsa. Kwa ine anasankha tachiwirito. Anati pogoneka munthu amamuuza kuti aziwerenga manambala, koma palibe lamulo la manambala. Ine ndinene kalima yanga, iye adikira nditsirize, ndiye atsegule mankhwala.

A Rozina anawomba m'manja. "Basitu, a Hajati! Mawu omaliza ndi omwewo. Nkhani yatha."

"Siinathe. Afunseni za gogo uyu. Ndikanena kalima, kenako mankhwala anditsegule pakamwa ndiyambe kutukwana, mawu omaliza akhala ati?"

Ndinkayembekeza kuti dokotala anama, anene kuti sizichitika. Sananame. Anati m'tulo timeneti nthawi zina munthu amayandama pang'ono, n'kubwebweta, iye n'kumubweza pansi.

Ndinati, "Ndiye andiike paipi ija kukhosi, anditseke pakamwa ndithu."

Dokotala anaseka mpaka kachipewa kanagwedera. Anati sanaonepo munthu wopempha paipi. Koma anakana. Anati pachithunzi cha chifuwa changa mapapo akuoneka otopa, chifukwa cha chifuwa chachikulu chimene ndinadwala kale, ndipo matendawa andifooketsa. Tulo tolemera tingandivute podzuka. Paipi ikhala pambali pake, zikavuta aigwiritsa ntchito, koma akufuna ndizipuma ndekha.

"Nanga a Rozina alowe nawo."

"Akuti sizololedwa. Ndiponso ine ndikaona magazi ndimagwa, mukudziwa. Azikasamala inu kapena ine?"

Apo dokotala anafunsa kuti wokumbutsayo amakhala pati. Ndinaloza kumutu kwa bedi. Iye anagwedeza mutu, n'kudziloza pachifuwa. A Rozina anamasulira mawu atatsika.

"Akuti pamenepo ndi pamalo pawo. Dokotala wa mtima amakhala kuphewa, anamwino amalowa n'kutuluka, koma iwo sachoka kumutu kwanu kuyambira pogona mpaka podzuka. Ntchito yawo ndi kuyang'ana mpweya wanu uliwonse. Akuti angathe kufunsa ngati mawa kuli namwino wa Chisilamu, koma sangalonjeze, ndipo namwinoyo akhoza kutumidwa panja. Akuti muwaphunzitse mawuwo. Mukabwebweta, akukumbutsani."

Dokotala ameneyu anali ndi kamtanda kakang'ono m'khosi, ndinkakaona. Kwathu wokumbutsa amakhala mbale wako, Msilamu mnzako, wodziwa. Ndinaganiza za achimwene anga, mmene akanakwinyira nkhope. Ndinatsegula pakamwa, koma m'malo mwa mawu munatuluka kulira.

Ndiye ndinamva pambali panga wina akunena, bwinobwino, mosaphonya ngakhale pamodzi: "Laa ilaaha illallah."

A Rozina! Korona ili m'khosi!

Ndinawayang'ana. Iwo anati, "Mukundiyang'ana chiyani? Zaka zonsezi mukundidzutsa nawo mawu amenewa, mumayesa makutu ndimasiya kufakitale?" Kenako anagwira pakamwa. "Koma amake Asiyatu, tandiuzani zoona. Pamenepa ndiye kuti ndalowa Chisilamu? Abambo mfumu akamva andichotsa mukwaya."

Ndinaseka misozi ili m'masaya. "Simunalowe, a Sisiteri. Zimafuna mtima."

"Chabwino. Ine ndangokunyamulirani, ngati mmene ndimakunyamulirani chikwama."

Anatembenukira kwa dokotala n'kuyamba kumuphunzitsa ngati mwana wa kwaya, chidutswa chidutswa, chala chili m'mwamba. Dokotala ankabwereza, a Rozina n'kumati, "Ayi, kokani apo, musathamange." Gogo wa bedi lina lija anadzuka n'kumatiyang'ana. Ine ndinkangomvera, Mkatolika wa ku Utale akuphunzitsa Mzulu kalima, m'dziko la eni. Ndinadzifunsa kuti kodi amene amafa ndi wokumbutsa kapena wokumbutsidwa? Mawu ofunika ndi otuluka pakamwa panga. Winayo amangokugwira dzanja kuti usaphonye khomo. Pomaliza ndinamuuza dokotala lamulo lake: asandikakamize, anene pang'onopang'ono kukhutu, ndikatsatira akhale chete. Anabwereza lamulolo kuti ndione kuti wamva. Ndiye ndinati, "Auzeni adokotala a mtima kuti ndavomera."

Tsiku la opaleshoni sanandipatse chakudya ngakhale madzi. A Rozina anajomba kuntchito, anayenda pambali pa kabedi ka matayala mpaka pachitseko chimene sakanadutsa. Anati, "Mukadzuke, mwamva? Zovala zanu zili pachingwe, ine sindikuanulirani."

M'katimo munkazizira ngati mufiriji. Magetsi, makina olira tii, tii, anthu obisa nkhope. Kenako nkhope ina inaweramira pa ine chozondoka, kuchokera kumutu. Maso okha ndi amene ankaoneka, koma ndinawadziwa. Anandiika timapaipi ta mpweya m'mphuno, anandisonyeza jekeseni wa mankhwala oyera ngati mkaka, n'kuuika pambali kuti ndione kuti sanayambe. Anaika dzanja lake pachipumi panga. Linali lofunda. Anagwedeza mutu kuti nenani.

Ndinanena kalima yonse, mosathamanga, mpaka kumapeto. Ndinatseka pakamwa. Mkono unayamba kuwawa ngati mwalowa tsabola, magetsi anasungunuka, basi.

Za pakatipo musandifunse. Kulibe maloto, kulibe mdima, kulibe kanthu. Ndinangomva wina akundiitana patali, "Mama, mama," ndipo paphewa panali polemera ngati aikapo mwala. Pakhosi panali kawaya kena kongoyembekezera, koyendetsa mtima mpaka adzaike kamakina katsopano. Nditatsegula maso bwino ndinali m'wodi, a Rozina ali pambali, maso ofiira ngati asuta.

Sindinafunse ngati mawaya atuluka. Ndinati, "Ndinalankhula?"

"Hii, munthu wadzuka kumene! Osayamba mwathokoza?"

"A Rozina, ndinalankhula?"

Anapita kukaitana wogoneka anthu uja. Dokotala anabwera atatopa, kachipewa kali m'manja, anakhala pampando womwe uja. Anati waya woyamba unatuluka mosavuta. Wachiwiri unakakamira pafupi ndi mtima, anavutika nawo nthawi yaitali, magazi anatsika mphamvu, ndipo iye anachepetsa mankhwala pang'ono kuti thupi lilimbe. Pamenepo ndinayandama. Ndinalankhula.

Mtima unagunda kuposa mmene kawaya kankauuzira. "Ndinatukwana?"

A Rozina anafunsa, dokotala anayankha, ndipo a Rozina anagwa chagada ndi phwete. "Akuti Chichewa samva, koma anamva mawu amodzi amene kwawonso aliko. Mbuzi! Akuti mumakalipa ndithu, mbuzi, mbuzi, ngati mukuthamangitsa. A Hajati, anthu akukuzulani mawaya mumtima, inu muli kudimba kwa Mposa!"

Ine sindinaseke. Ndinayang'ana dokotala. Iye anamva funso langa lisanamasuliridwe. Anaweramira kukhutu kwanga monga anachitira m'katimo, n'kunong'oneza mawu aja, pang'onopang'ono, pokoka atakoka.

"Ndinatsatira?"

"Akuti poyamba ayi, munali kalikiliki ndi mbuzi. Anadikira, ananenanso. Ndiye munatsatira, mpaka kumapeto. Iwo anakhala chete monga munawauzira, anawonjezera mankhwala, ndipo simunatsegulenso pakamwa mpaka waya unatuluka."

Ndinagwira dzanja la mayi uja ndi manja anga onse awiri. Chizulu ndinalibe, Chingerezi ndinalibe. Ndinangonena m'Chiyao cha amayi anga, sikomo, sikomo, sikomo. Iye anandisisita pachipumi, anavala kachipewa kake, anapita kukagoneka ena. Sindinamuonenso.

Anandionetsa timawaya tija m'kabotolo, toonda ngati chingwe cha chaja ya foni, timinofu tili mamatu. Ndinakhalabe m'chipatala akunditsuka magazi ndi mankhwala a mudilipi, mpaka anaika kamakina katsopano kumanjaku. Koma mphamvu zonyamula agogo a Amwenye aja sizinabwerere. Adona anandilongedzera katundu, ndinabwerera kumudzi.

Ndinapeza nyanja itabwerera, koma anthu anga atasintha. Asiyatu anali mayi wa pakhomo pake, ankandigwadira ngati mlendo, kundipatsa madzi m'kapu ya alendo. Zidzukulu zinkabisala kuseri kwa chitseko, zimvekere agogo a ku Joni. M'nyumba ya malata anga munkakhala mwana wanga wamwamuna ndi mkazi wake, ine anandikonzera kachipinda ka pambali. Achemwali amene anandilerera ana maso anali atachita khungu, anandizindikira pondipapasa kumaso. Zinandiwawa masiku oyamba. Koma kamdzukulu kena kanazolowera kudzagwira pachifuwa panga kufuna kumva kamakina, ndipo pang'onopang'ono ndinasiya kukhala mlendo.

Ndinafuna kuchita sadaka yothokoza, koma ndinadikira mpaka a Rozina atabwera kutchuthi. Anakwera minibasi ku Balaka, pa Liwonde n'kusintha, anafika pakabaza atakumbatira thumba la shuga, akukalipira wa njinga kuti amayendetsa ngati wanyamula nkhuni.

Dzulo lake la sadaka, achimwene a Twaibu anabwera kudzaona zokonzekera. Ndevu zinali zitayera mbuu. Nkhani ya kuchipatala anali ataimva kwa Asiyatu, ndipo ndinaona kuti ikuwadya. Tinakhala pakhonde, a Rozina ali chapatali akusankha mpunga, makutu ali kuno.

"Chemwali, ndamva kuti anakukumbutsani kalima ndi Mkhristu."

"Eya."

"Wophunzitsidwa ndi Mkhristu mnzake."

"Eya, ndi awo akusankha mpungawo."

"Zimenezi ine sindinazionepo m'buku lililonse. Mzinda wonse uja, mizikiti mbwee, panasowa Msilamu?"

"Asilamu analipo, achimwene, kunja kwa chitseko. Inunso munalipo, kuno. Koma m'chipinda muja, pamene waya unakakamira, kumutu kwanga kunali munthu mmodzi, ndipo sindinamuikepo ndine."

Anayamba kuyendetsa mikanda ya tasibihi m'zala. Ndinkadikira ulaliki. M'malo mwake anafunsa, mawu ali pansi, "Ndiye munatsatira?"

"Akuti ndinatsatira."

"Mpaka kumapeto?"

"Mpaka kumapeto."

Anapumira m'mwamba. "Dzina lake ndani mayiyo?"

Ndinachita manyazi. Ndinaitana a Rozina, nawonso anayesa, lilime kuphulika-phulika, anati mwina lakuti, mwina lakuti, mpaka anavomera kuti laiwalika. Achimwene anangodzuka n'kumapita.

Mawa lake anthu anadzaza pabwalo, amuna pamikeka kutsogolo, ife amayi kumbuyo. A Rozina ndinawafunditsa mpango wanga, anakhala phee pakati pa Asilamu ngati anabadwira momwemo. Achimwene anatsogolera duwa, pemphero lathu. Anapempherera amayi ndi abambo athu, anapempherera amuna anga amene anatsala m'nyanja, anatchula akufa onse a pamtundu pathu mmodzimmodzi. Ndinkayesa atha. Koma anaima pang'ono, anakonza kukhosi, n'kusiya Chiarabu, kunena m'Chichewa kuti aliyense amve.

"Ndiponso mayi uja wa ku Joni, amene dzina lake ife sitilidziwa koma Inu mukulidziwa, amene anakhala kumutu kwa mlongo wanga. Tsiku lake likadzafika, musadzamusiye yekha."

Bwalo lonse linati amina. Pambali panga a Rozina anayankha mokweza kuposa onse, ndi mawu awo a kwaya aja, mpaka amuna anacheuka.